Fulashi imodzi yokonzera makompyuta osiyanasiyana: chimene chimadula ulendo panjira

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inathetsa thandizo lake la nthawi zonse pa Windows 10. Makompyuta ambiri akale, monga amene amafika m'sukulu ngati mphatso, sangalandire Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Choncho wokonza makompyuta amene wanyamuka pa Mponela kupita kusukulu ya m'mapiri a Dowa kapena Ntchisi sadziwiratu chimene akachite. Mwina akabwezeretsa Windows, mwina akaika Linux, mwinanso akangopulumutsa mafayilo a zotsatira za mayeso.

Kubwerera kukatenga chida chimene chaiwalika ndi ndalama ina ya kabaza, ndipo kukopa Windows pa intaneti kumadya bandulo yoposa 5 GB. N'chifukwa chake amisiri amaika zida zonsezi pa fulashi imodzi. Koma fulashi yomweyo imatha kuyatsa kompyuta imodzi bwinobwino, ina n'kuikana. Achinyamata amene akuphunzira lusoli, monga kwa amisiri a m'matauni, ayenera kumvetsa chifukwa chake.

Kupatsirana ntchito

Kompyuta ikangoyatsidwa, sidziwa Windows kapena Linux. Yakale imadalira pulogalamu yotchedwa BIOS, imene imawerenga ma byte 512 oyambirira a fulashi. Mwa amenewa, 446 okha ndiwo amasungira malangizo oyatsira. Malowa ndi ochepa kwambiri, moti ntchito yake n'kungoitana pulogalamu yokulirapo, yotchedwa boot manager, imene imaonetsa mndandanda woti munthu asankhepo.

Ma boot manager alipo angapo. GRUB ndi Syslinux amadziwa kuyatsa Linux, pamene Windows ili ndi yakeyake, Windows Boot Manager. GRUB siyatsa Windows payokha. Munthu akasankha Windows pa mndandanda, GRUB imaitana Windows Boot Manager, n'kuisiyira ntchito yonse. Kupatsirana kumeneku ndiko akatswiri amati chainloading.

Oyenda pa minibasi akuzidziwa izi. Mumakwera ku Lilongwe mutauzidwa kuti ikupita ku Ntchisi, koma pofika pa Mponela kondakitala amakugulitsani kwa mnzake. Minibasi yoyamba sifika ku Ntchisi. Udindo wake n'kukufikitsani pamene pali yachiwiri, ndipo ikakutulani siidziwanso za ulendo wanu. Yachiwiriyo ikasowa, mwatsala pamsewu.

Pamene ulendo umadukira

Vuto loyamba ndi la njira ziwiri zoyatsira. Makompyuta atsopano amagwiritsa ntchito UEFI m'malo mwa BIOS. UEFI sidalira ma byte 512 aja, koma imafufuza fayilo ya BOOTX64.EFI mu chikwatu cha EFI/BOOT pa fulashi. Boot manager imene yayatsidwa kudzera m'njira ya BIOS imangopereka ntchito kwa inzake ya BIOS, ndipo ya UEFI imapereka kwa ya UEFI. Makompyuta ambiri a zaka za pakati amalola njira zonse ziwiri, moti fulashi imodzi imaoneka kawiri pa mndandanda woyatsira. Mukasankha molakwika, Windows imatha kukana kulowa pa hadi disiki, kapena kulowa koma n'kulephera kuyaka.

Lachiwiri ndi Secure Boot, chitetezo cha mu UEFI chimene chimalola mapulogalamu okhawo amene ali ndi chidindo chovomerezeka. Mitundu ya Linux monga Ubuntu imadutsa kudzera mu kapulogalamu kotchedwa shim, kamene kali ndi chidindo cha Microsoft. Koma chidindo chimafunika pa gawo lililonse la ulendo. Boot manager yachiwiri ikakhala yopanda chidindo, kompyuta imaima pomwepo ngakhale yoyamba inadutsa.

Lachitatu ndi kukula kwa mafayilo. UEFI imawerenga mosavuta fulashi yokonzedwa mwa FAT32, koma FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB, pamene ya Windows imapitirira pamenepo. Pulogalamu yaulere ya Ventoy, imene inatuluka mu 2020, imagawa fulashi pawiri: kagawo ka 32 MB koyatsira, kozikidwa pa GRUB, ndi gawo lalikulu la exFAT losungira mafayilo a ISO. Chenjezo n'lakuti kuika Ventoy kumafufuta zonse zimene zinali pa fulashiyo.

Lachinayi ndilo lowawa kwambiri. Kompyuta ya BIOS ikayakira pa fulashi, GRUB nthawi zambiri imawerenga fulashiyo ngati disiki yoyamba, hd0, ndipo hadi disiki ya m'kati imakhala yachiwiri. Lamulo limene linagwira ntchito pa kompyuta ya dzulo likhoza kuloza malo ena lero. N'chifukwa chake odziwa amauza GRUB kuti ifufuze disiki ndi nambala yake yosasintha, UUID, osati ndi malo ake pa mzere. Chisokonezo chomwechi chimabweranso poika Windows kapena Linux. Mmisiri akhoza kuika boot manager pa fulashi yake m'malo mwa hadi disiki, kompyuta n'kuyaka bwino iye alipo, n'kukana atangochoka. Akhozanso kufufuta disiki imene munali kaundula wa ophunzira.

Zoyenera kufunsa

Mphunzitsi wamkulu kapena mlembi wa kopaletivi ya alimi safunika kudziwa malamulo a GRUB kuti ateteze zinthu zake. Mmisiri asanagwire kompyuta, mafayilo onse ofunika akopedwe kaye pa fulashi ina, ndipo fulashiyo ichotsedwe. Mmisiri aone ngati kompyutayo imayakira BIOS kapena UEFI, ndipo asankhe njira yomweyo poyatsa fulashi yake. Asanavomere kufufuta, awerenge dzina ndi kukula kwa disiki imene yasankhidwa. Ngati anazimitsa Secure Boot kuti zida zake zidutse, anene, ndipo aibwezeretse ngati pulogalamu imene waika ikulola.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito ikatha, fulashi ya mmisiri izulidwe, kompyuta izimitsidwe n'kuyatsidwanso kawiri mwini wake akuona. Ikayaka yokha, mpamene mmisiri angalandire malipiro ake n'kutsetsereka phiri.