Mwana Wodwala pa Mzere wa Chipatala: Ayambe Kuonedwa Ndani?

Munthu amene afika m'mamawa pa chipatala chachikulu cha Boma, makamaka m'miyezi ya dzinja pamene malungo achuluka, apeza amayi atadzaza kale mabenchi, wina mwana ali kumsana, wina wamgoneka pamiyendo, ena atatsamira khoma popeza malo atha. Ambiri a iwo ananyamuka kwawo kusanache. Amadziwana bwino kuti uyu ndiye anafika poyamba ndipo uyu anadza pambuyo pake, kotero palibe afuna kuoneka wamwano polumpha anzake. Khalidwe lotere ndi lokoma ku chigayo ndi pa mjigo. Koma pa khomo la chipatala cha ana lakhala likutayitsa miyoyo, pakuti matenda a khanda satsata mzere, ndipo mwana amene ali kumapeto kwenikweni akhoza kukhala ndiye watsala ndi ola limodzi lokha.

Dandaulo la kudikira nthawi yaitali ndi mwana wodwala si la dziko la Malawi lokha ayi. Ku England, kumene chuma sichisowa, Boma linaika lamulo mu 2004 loti wodwala wofika ku chipinda cha matenda adzidzidzi athandizidwe asanathe maola anayi. Koma kwa zaka zambiri kuyambira mu 2015 zipatala za dzikolo, poziwerengera pamodzi, zakhala zikulephera kufika pa mlingo wa odwala 95 mwa 100 alionse umene unaikidwa. Tsono ngati mizere ikanika kutha m'dziko lotero, nkosayembekezeka kuti ithe msanga m'dziko limene namwino mmodzi asenza ntchito ya anthu angapo.

Pa nkhaniyi pali mafunso awiri amene anthu amawasakaniza. Loyamba ndi lakuti mzere ufupike bwanji, ndipo yankho lake lifuna ndalama, nyumba ndi antchito ambiri ophunzira, zinthu zimene zitenga zaka. Lachiwiri ndi lakuti pa mzere wautaliwo ayambe kuonedwa ndani. Funso ili silifuna chuma chochuluka, ndipo ndi pa funso limeneli pamene dziko la Malawi linaphunzitsa maiko ena.

Zimene zinachitika ku Blantyre

Chaka cha 2001 chisanafike, ana odwala obwera ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ankalandiridwa pa malo amodzi opanikizana, pamene pankapita ana pafupifupi 90,000 pa chaka. Antchito anali ochepa, oyang'anira aakulu ankakhala ku mawodi, ndipo ana ankalowa monga mwa kufika kwawo. Mwana wovutika kwambiri akapezeka, ankamtumiza ku wodi asanalandire chithandizo choyamba, ndipo ena ankafika kumeneko mochedwa. Pa masiku amenewo, mwa ana 100 alionse ogonekedwa, 10 mpaka 18 ankamwalira, ndipo mwa omwalirawo 36 mwa 100 alionse ankatsirizika lisanathe tsiku limodzi chiwagonekereni. Chiwerengero chotsirizachi ndicho chinaloza pamene panali bala: ana ambiri sankafa chifukwa chosowa mankhwala a mlungu wathunthu, koma chifukwa cha maola oyamba aja.

Pulofesa Elizabeth Molyneux, dokotala wa ana amene anagwirapo ntchito ku chipinda cha ngozi cha chipatala cha ana cha Alder Hey ku Liverpool, ndipo anatumikira zaka zambiri ku Blantyre, anatsogolera anzake pokonza malowo. Anamwino ndi othandiza madokotala anaphunzitsidwa kusankha ana monga mwa kukula kwa matenda awo. Dokotala wamkulu anaikidwa kuti aziyang'anira pa khomo pomwepo. Ndipo panakonzedwa chipinda chotsitsimutsiramo ana, malo ogoneka mwana kwa maola ochepa, ndi poyezera magazi pafupi, kuti mayi asamayende ndi mwana wolefuka m'makonde a chipatala. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2006 m'magazini ya bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO. Imfa za ana ogonekedwa zinatsika kufika pa 6 mpaka 8 mwa 100 alionse, ndipo imfa za tsiku loyamba zinatsika kuchoka pa 36 kufika pa 13 kapena kucheperapo pang'ono mwa imfa 100 zilizonse. Panalibe mankhwala atsopano amene anatulukiridwa. Chimene chinasintha ndi dongosolo la pa khomo.

Njira imeneyi inatchedwa ETAT, ndipo mu 2005 bungwe la WHO linatulutsa mabuku ake ophunzitsira kuti agwire ntchito m'maiko ena. Ku Kenya anaionjezera nkuitcha ETAT+, ndipo kuchokera kumeneko inafalikira ku Rwanda, Uganda ndi kwina.

Magulu atatu

Kachitidwe kake nkosavuta kumva. Mwana aliyense ayenera kuonedwa atangofika, mayi asanalembetse dzina ndiponso asanakhale pa benchi, ndipo kwa munthu wozolowera ntchitoyi, kuona mwana amene alibe zizindikiro zoopsa sikupitirira masekondi 20. Woonayo ayamba ndi mpweya: kodi mwana watsamwa, kodi akupuma, kodi milomo ndi lilime zachita bii, kodi akubanika kwambiri? Kenaka agwira dzanja la mwanayo. Likakhala lozizira, afinya chikhadabo mpaka chiyere, nachisiya. Magazi akachedwa kubwerera kupitirira masekondi atatu, ndipo mtsempha ukugunda mofulumira koma mofooka, ndiye kuti magazi sakuyenda bwino m'thupi. Atatero aona ngati mwana wakomoka kapena akuchita linjirinjiri. Pomaliza, ngati mwana akutsegula m'mimba, aona ngati walefuka, ngati maso alowa, ndipo atsina khungu la pamimba kuona ngati libwerera msanga. Mwana wopezeka ndi chimodzi cha zoopsazi salowanso pa mzere. Amtengera pomwepo ku chipinda chotsitsimutsira, kumene ampatsa mpweya wa okosijeni, shuga, mankhwala oletsa linjirinjiri kapena madzi, monga kufunikira.

Gulu lachiwiri ndi la ana amene sali pa ngozi ya mphindi imeneyo koma sayenera kukhalitsa. M'gululi muli khanda lililonse lodwala losakwana miyezi iwiri, mwana wotentha thupi kwambiri, wovulala, wopsa ndi moto, womwa zinthu zapoizoni monga parafini, womva ululu waukulu, woyera m'manja chifukwa chochepa magazi, wopuma movutikira, wowonda kwambiri, wotupa mapazi onse awiri, wosakhazikika kapena wolefuka, ndi amene wabwera ndi kalata yomtumiza mwachangu kuchokera ku chipatala chaching'ono. Awa aikidwa kutsogolo kwa mzere. Otsala onse ndiwo gulu lachitatu, ndipo iwo adikira monga mwa kufika kwawo.

Pali mfundo imodzi m'mabuku a ETAT imene anthu ambiri amaidumpha, chonsecho ndi yanzeru koposa. Mabukuwo alangiza kuti alonda a pa chipata, alembi ndi osesa nawonso aphunzitsidwe kuzindikira mwana amene ali pa ngozi. Chifukwa chake nchodziwikiratu kwa aliyense amene anafikapo ku chipatala usiku: munthu woyamba kuona mayi ndi mwana wake sakhala dokotala, amakhala mlonda. Mlonda wodziwa kuti khanda lozizira manja ndi losayamwa liyenera kuthamangitsidwa apulumutsa moyo. Mlonda wosadziwa auza mayiyo kuti akhale pa benchi adikire kuche.

Mwana wachete ndiye woopsa

Dongosololi lili ndi zovuta zake, ndipo si bwino kuzibisa. Mayi amene wakhala pa benchi maola anayi ndi mwana wa chifuwa, akaona mnzake wongofika kumene akulowetsedwa, mtima umamuwawa, ndipo msanga pamamveka manong'onong'o akuti walowa chifukwa ndi mbale wa namwino kapena wapereka kanthu. Kukondera kotero sikungakanidwe kuti sikuchitika konse. Koma kawirikawiri chimene amayi aona ndi ETAT ikugwira ntchito yake, ndipo cholakwa nchakuti palibe anawafotokozera. Namwino amene aima kutsogolo m'mawa nanena mwachidule chifukwa chimene ana ena alowera msanga, apewa mikangano ya tsiku lonse. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo amayi akamvetsa, iwo eni ndiwo amayamba kuitana namwino kuti abwere aone mwana wa mnzawo.

Chovuta china nchachikulu kuposa ichi. Mwana amene anaikidwa m'gulu lachitatu pa 7 koloko m'mawa sakhala chimodzimodzi pofika masana. Malungo amatsitsa shuga m'thupi, kutsegula m'mimba kumamaliza madzi, ndipo khanda lilibe nkhokwe ya mphamvu monga munthu wamkulu. Mwana ali kumsana, wafunditsidwa chitenje ndi shawelo, ndipo wasiya kulira. Mayi aganiza kuti wagona, amene ali pafupi naye ayamikira kuti wakhala chete. Chonsecho mwana amene akulira mokweza ali ndi mphamvu, pamene amene watonthola nakana bere ndiye afunika kumvundukula ndi kumuona. Nchifukwa chake kusankha ana sikuyenera kuchitika kamodzi kokha pa khomo: wachipatala ayenera kuyendera mzere mobwerezabwereza. Mwambi woti kuona maso a nkhono nkudekha uli ndi malo ake, koma malo akewo si pa benchi pamene khanda likubuula popuma.

Nzeru za chipatala nazonso zimakonzedwa pamene umboni wapezeka. Mu 2011 kafukufuku wotchedwa FEAST, amene anachitika ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, anaonetsa kuti kuthira madzi ambiri mwachangu m'mitsempha ya ana otentha thupi amene magazi awo sakuyenda bwino kunkachulukitsa imfa m'malo mozichepetsa. Madokotala ambiri anadabwa, popeza anali ataphunzitsidwa zosiyana ndi zimenezi. Mu 2016 bungwe la WHO linakonzanso malangizo a ETAT pa nkhani ya madzi. Makolo amene amaona ngati mwana sanathandizidwe akapanda kuikidwa diripi ayenera kudziwa kuti nthawi zina kusamuika ndiko kumsamala.

Ku Lilongwe ndi ku zipatala zazing'ono

Chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe chinatsata njira yofanana, poika antchito odziwa zambiri pa malo olandirira ana, kuyambitsa kusankha ana pa khomo, ndi kuonetsetsa kuti mwana wayamba kulandira chithandizo asanapite ku wodi. Lipoti limene linatuluka mu 2012 linasonyeza kuti imfa za m'masiku awiri oyamba zinatsika kuchoka pa 48 kufika pa 38 mwa ana 1,000 alionse ogonekedwa. Kutsikaku nkocheperapo poyerekeza ndi kwa ku Blantyre, komabe ndi ana khumi pa chikwi chilichonse amene anabwerera kwawo amoyo.

Ana ambiri, komabe, sayambira ku chipatala chachikulu. Mzere wawo woyamba uli ku chipatala chaching'ono cha m'dera lawo, kumene wothandiza dokotala mmodzi aona anthu mazana pa tsiku. Pozindikira ichi, bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome pamodzi ndi la Meningitis Research Foundation anayambitsa ntchito m'zipatala zazing'ono za mu Blantyre, pamene alangizi a zaumoyo ankayenda pa mzere ndi foni ya m'manja yowatsogolera mafunso a ETAT. Ntchitoyi anaitcha Chipatala Robot, potengera maloboti a pa msewu: kufiira ndi ngozi, chikasu ndi changu, kubiriwira ndi kudikira. Dzinalo linali lochenjera, pakuti mayi aliyense wa m'tauni adziwa tanthauzo la mitundu itatuyo popanda kumphunzitsa.

Dziko la Malawi latsitsa kwambiri imfa za ana osakwana zaka zisanu, kuchoka pa 234 mwa ana 1,000 obadwa amoyo pa kafukufuku wa 1992 kufika pa 63 pa kafukufuku wa 2015 ndi 2016. Zambiri za phinduli zinachokera ku katemera, masikito, mankhwala a malungo ndi ntchito ya alangizi a zaumoyo m'midzi, ndipo kukonza pa khomo la chipatala ndi mbali imodzi chabe. Koma ndi mbali imene imafooka msanga ikasiyidwa. Namwino wophunzitsidwa amasamutsidwa, wobwera m'malo mwake sanaphunzire, makina a okosijeni amaima magetsi akazima, ndipo usiku ndi pa Sabata antchito amachepa pamene matenda sachepa. Unduna wa Zaumoyo unalandira ETAT kukhala njira ya zipatala zake. Ntchito imene yatsalira akuluakulu a zipatala m'maboma ndi kuonetsetsa kuti pa khomo pali munthu woona ana nthawi zonse, ndi kuti maphunziro abwerezedwa kwa antchito atsopano, kuphatikizapo alonda aja.

Kwa mayi kapena bambo amene wafika ndi mwana, lamulo la achipatala eni ake limpatsa ufulu wolankhula. Ngati mwana akubanika, wakomoka, akuchita linjirinjiri, wazizira manja, akusanza chilichonse kapena waleka kuyamwa, kholo lisakhale pa benchi; lipite kwa wachipatala aliyense amene ali pafupi, limvundukule mwanayo, ndi kunena chimene laona. Ngati khandalo silinakwane miyezi iwiri, anene msinkhu wake poyamba penipeni, pakuti pa msinkhu umenewo matenda oopsa monga oumitsa khosi amabwera opanda zizindikiro zambiri, ndipo nthawi zina thupi limazizira m'malo motentha.