Himarë, Tauni ya Zilankhulo Ziwiri

Malo ake

Himarë ali kummwera kwa dziko la Albania, pomwe mapiri a Ceraunian amatsetserekera m'nyanja ya Ionian. Nthaka ndi yamiyala, koma maolivi ndi malalanje amabereka bwino. Tauni yakale anaimanga pamwamba pa chitunda kuti aziona adani akadali kutali panyanja.

Anthu ake ndi mbiri yawo

Ku Himarë ndi m'midzi yoyandikana nayo ya Dhërmi ndi Palasë pakhomo amalankhula Chigiriki. M'midzi ya Vuno, Qeparo ndi Pilur amalankhula Chialubaniya. Ambiri amadziwa zonse ziwiri, ndipo makolo awo ankapemphera mu mpingo umodzi wa Orthodox. Poona kuchepa kwa minda, anyamata ankakagwira usilikali ku Venice ndi ku Naples.

Mafumu a Ottoman, amene ankalamulira derali kalelo, anavutika nawo anthu a m'mapiriwa mpaka anawalola kusunga zida ndi kuweruza okha milandu yawo. Ali Pasha wa ku Ioannina ndiye anadzawagonjetsa. Mu 1912 Spyros Spyromilios anatsogolera kuukira Aottoman pofuna kuti Himarë akhale mbali ya Greece, koma malire atadulidwa dera lonse linagwera ku Albania. Pambuyo pake boma la Albania lotsogozedwa ndi Enver Hoxha linakana kuwerenga anthuwa ngati Agiriki, sukulu ya Chigiriki n'kutsekedwa, ndipo mu 1967 linaletsa chipembedzo chilichonse. Ulamulirowo utagwa, ambiri anasamukira ku Greece kukafuna ntchito.

Kaimbidwe kawo

Apa ndiye pali chuma chenicheni cha derali. Amuna amaima mozungulira, mapewa atagundana, popanda ng'oma kapena chitoliro. Mmodzi amayambitsa nyimbo, wachiwiri amamulandira, wachitatu amaponyamo mawu ake, ndipo ena onse amangogwira liwu limodzi lalitali lotchedwa iso, osalidula. Wina mpweya ukamuthera, anzake amakhala akadaligwira. Amaimba pa ukwati, amaimba za ngwazi zakale, amaimbanso za ana amene anapita kunja osabwerako. Kaimbidwe ka mawu osanjikizana kotere kali mbali zonse ziwiri za malire, m'Chigiriki ndi m'Chialubaniya momwe, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza ka ku Albania.

Andale akhala akukangana zaka zoposa 100 kuti Himarë ndi wa mtundu uti. Wowerenga aphunzirepo kuti funso lotere limabwera ndi ofuna kulamulira, ndipo akamaliyankha ndi mfuti kapena lamulo, otseketsedwa sukulu ndi ana a anthu wamba. Chilankhulo chachiwiri sichinalandepo munthu dziko lake.