Fungo la lalanje ndi makoswe a ku America

Mukafinya khoko la lalanje, timadontho tamafuta timathovukira m'maso. Fungo lokomalo limachokera ku d-limonene, mankhwala omwe amathiridwanso m'maswiti, m'zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi mu sopo. Kodi angayambitse khansa?

Bungwe la National Toxicology Program la ku America linafufuza, n'kutulutsa lipoti mu 1990. Makoswe ndi mbewa, 50 pagulu lililonse, zinkamwetsedwa mankhwalawa osakaniza ndi mafuta a chimanga kudzera m'kachubu kolowa kukhosi, masiku asanu pamlungu kwa milungu 103. Kenako akatswiri anazitumbula n'kuunika ziwalo zake.

Makoswe aamuna okha ndiwo anapezeka ndi zotupa mu impso. Aakazi ndi mbewa, ayi. Chifukwa chake n'chakuti chiwindi cha khoswe wamwamuna chimapanga puloteni yambiri yotchedwa alpha-2u-globulin. Mankhwalawa akagayika m'thupi amakakamira ku puloteniyo, ndipo imaunjikana mu impso. Maselo amafa, ena n'kumachulukana mofulumira kuti alowe m'malo, ndipo zotupa zimayambira pamenepo. Munthu alibe puloteni imeneyi. Mu 1999 bungwe lofufuza za khansa la IARC la ku Lyon linati vutoli silikhudza anthu.

Ine ndikamva kuti chakutichakuti chadwalitsa makoswe, sindithamangira kutaya chakudya. Ndimayamba ndafunsa: anamwetsedwa mlingo wotani, nanga nthendayo inayamba bwanji? Komatu nthawi zina makoswe amatichenjezadi. Mankhwala a safrole analetsedwa m'zakudya ku America mu 1960 atayambitsa khansa ya chiwindi m'makoswe.