KUBINYA PHAZI SI NKHANI YAMASEWERA

Palibe teremu imene imatha pano pa seminale popanda wina kutuluka m'bwalo la mpira akutsimphina. Chaka chatha zinamuonekera mnzanga wina amene timamudalira kumbuyo m'timu ya kalasi yathu. Analumpha kuti amenye mpira ndi mutu, koma potera anaponda phazi la mnzake, lake n'kupindikira mkati. Ife pofuna kumuthandiza tinayamba kulikoka phazilo kuti libwerere m'malo, ndipo madzulo tinalithowa ndi madzi otentha. Kutacha, kakolo anali atatupa ngati dzungu. Patapita masiku 10 ululu unachepa, mnzathuyo anabwerera m'bwalo, koma tsiku lomwelo anabinyanso pomwe paja. Teremu yonseyo mpira ankangouonera panja. Atapita ku chipatala ndi pamene tinadziwa kuti chithandizo chathu chija chinangoonjezera vuto.

Kodi kubinya n'chiyani?

Phazi limodzi lili ndi mafupa 26. Pa kakolo pamakumana mafupa atatu: awiri a msongolo ndi limodzi la phazi. Mafupawa anamangidwa ndi mitsempha yolimba ngati luzi, yosiyana ndi ija modutsa magazi. Kubinya ndi kukokeka kapena kung'ambika kwa mitsempha imeneyi, kawirikawiri ya mbali ya kunja kwa kakolo. Fupa silikhala litachoka m'malo mwake, choncho kukoka kumangopitiriza kung'amba pong'ambika kale. Nawo madzi otentha amachititsa magazi kuthamangira povulalapo, kutupa n'kukula.

Masiku oyamba

M'chaka cha 1978 dokotala wa ku America, Gabe Mirkin, anatchukitsa malangizo otchedwa RICE, zilembo zoyamba za mawu anayi a Chingerezi otanthauza kupumula, kuziziritsa, kumanga ndi kukweza. Wovulala aleke kusewera nthawi yomweyo. Aikepo ayezi wokulunga m'kansalu, kapena nsalu yonyowetsa m'madzi ozizira, kwa mphindi zosapitirira 20. Amange bandeji mosathina kwambiri, ndipo pogona phazi likhale pa pilo kuti likwere kuposa chifuwa. Kuthowa ndi kusisita mwamphamvu zisachitike pa masiku awiri kapena atatu oyamba.

Koma mu 2014 Mirkin yemweyo anavomera kuti ayezi wambiri ndi kungogona osagwedeza phazi zingachedwetse kuchira. Ayezi ndi wochepetsa ululu chabe, ndipo phazi liyenera kuyamba kugwira ntchito pang'onopang'ono ululu ukangolola.

Nanga tingadziwe bwanji kuti fupa lathyoka? Mu 1992 madokotala a ku Ottawa, m'dziko la Canada, anatulutsa njira yosavuta. Ngati munthu akulephera kuponda masitepe anayi, kapena akumva ululu akamudina pa fupa lenileni la kakolo, ku nsonga kapena kumbuyo kwake, kapenanso pa kafupa kotukuka ka m'mbali mwa phazi, apite akajambulidwe. Apa zochita manyazi kuuza Abambo oyang'anira odwala palibe. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mafizo

Chimene mnzanga uja sankachidziwa n'chakuti kutha kwa ululu si kuchira. M'mitsempha ya pa kakolo muli timauthenga timene timauza ubongo mmene phazi lapondera, n'chifukwa chake timatha kuyenda mumdima osayang'ana pansi. Munthu akabinya, mauthengawa amasokonekera, ndipo phazi likayamba kupindika minofu imachedwa kuligwira. Ntchito ya mafizo ndi kuliphunzitsanso phazilo. Nazi zimene a mafizo anamuuza mnzathuyo kuti azichita tsiku lililonse:

1. Kukhala pa mpando n'kumalemba zilembo m'malere ndi chala chachikulu, kuyambira A mpaka Z, kuti kakolo asaume.

2. Kukhala pansi mwendo utatambasuka, kukoletsa thaulo ku phazi ndi kulikokera kwa iye kwa masekondi 30.

3. Kugwira tebulo, kunyamula zidendene n'kuimira zala, kenaka kutsika mwa pang'onopang'ono, maulendo 10.

4. Kuima ndi mwendo wovulalawo wokha kwa masekondi 30. Zikayamba kuphweka, atsinzine, ndipo pambuyo pake aime pa pilo.

5. Pomalizira kuthamanga molunjika, kenaka mokhotakhota ngati akulemba 8.

Munthu sapita pa gawo lotsatira ngati limene alipo likumupweteka kapena kumutupitsa. Kubinya kwakung'ono kumatha pa sabata imodzi mpaka zitatu, koma mtsempha ukang'ambika kwambiri pamafunika sabata 6 kapena miyezi ingapo. Amene sangathe kudumphadumpha ndi mwendo wovulalawo popanda ululu sanafike pobwerera m'bwalo, ngakhale timu ikumufuna chotani.

Akatswiri a mafizo alipo m'dziko muno. Amapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, komanso pa Kachere ku Blantyre komweko.

Kwa inu makolo athu, mwana akabwera ku holide akutsimphina, musathamangire kumutema mphini kapena kumuthowa, koma mupite naye ku chipatala. Ndipo ife anzanga tikumbukire kuti ambiri mwa ansembe athu amayenda mitunda ndi kukwera mapiri kuti akafike ku matchalitchi a kumidzi. Amene tikulakalaka ntchito imeneyi tidzawafuna mapaziwa kwa zaka zambiri. Mnzathu uja anapirira mafizo kwa miyezi iwiri, ndipo lero wabwerera pa malo ake kumbuyo kuja. Masiku ano wina akangogwa m'bwalo, iye ndiye amayamba kukuwa kuti, "Musamukoke!"