NG'OMA IMENE IDAOLOKA NYANJA NDI KUBWERERA PA CHIMBALE

Nyengo ya dzinja ikatha, anthu atakolola, midzi ya m'munsi mwa mapiri a Dedza, kuyambira ku Mtakataka mpaka ku Mua ndi ku Golomoti, imamveka kulira kwa ng'oma. Mpanje amagwira mayendedwe a gule osasintha, pamene mbalule amalankhula pamwamba pake, kulamula mapazi a wovina. Munthu amene adakulira m'phokoso limeneli akamvetsera chimbale chotchedwa Santana's Greatest Hits, amadabwa kumva kuti alendo a ku America akuyankhula chinenero chimene makutu ake akuchidziwa kale.

Chimbalechi chidatuluka m'chaka cha 1974 ku kampani ya Columbia. Muli nyimbo khumi zosankhidwa kuchokera m'zimbale zitatu zoyamba za gululi: Santana cha 1969, Abraxas cha 1970, ndi chachitatu cha 1971. Mtsogoleri wa gululi, Carlos Santana, adabadwa mu 1947 ku Autlán m'dziko la Mexico, ndipo bambo wake adali woyimba vayolini. Gululi lidayambira mumzinda wa San Francisco, koma mbiri yake idawanda litayimba pa msonkhano waukulu wa nyimbo wa Woodstock mu Ogasiti 1969.

Magulu ambiri a masiku amenewo ankadalira gitala. Gulu la Santana lidaika ng'oma patsogolo. Michael Carabello ankaomba ng'oma zazitali za manja zotchedwa conga, ndipo José Areas wa ku Nicaragua ankaomba zing'onozing'ono za timitengo zotchedwa timbales. Kaombedwe kameneka kadakulira pa chilumba cha Cuba, pakati pa akapolo ochokera ku Africa ndi zidzukulu zawo. Ambiri mwa iwo adachokera ku Congo ndi kwa Ayoruba, ngakhale kuti m'zaka za m'ma 1800 zombo zina zinkanyamula anthu pa Quelimane, ku Mozambique, kupita nawo ku Brazil ndi ku Cuba komweko. Anthuwo adalandidwa dziko ndi ufulu, koma ng'oma idatsala m'manja mwawo. Pa 6 Malichi 1971, gulu la Santana lidayimba ku Accra pa tsiku lokumbukira ufulu wa Ghana, ndipo ng'oma ija idafika kwawo kwa makolo ake.

Koma chimbale cha nyimbo zotchuka chili ngati nkhokwe: woona chimanga amatama mwini nkhokwe, osafunsa amene adalima. Nyimbo zingapo zimene zidakweza dzina la Santana adapeka ndi anthu ena. "Oye Como Va" ndi ya Tito Puente, amene adaitulutsa mu 1962. "Black Magic Woman" ndi ya Peter Green wa gulu la Fleetwood Mac ku Mangalande. "Jingo", imene ng'oma zake zimagunda mtima kuposa zonse, idachokera kwa Babatunde Olatunji wa ku Nigeria, amene adapita ku America mu 1950 kukachita maphunziro, nadzaijambula nyimboyo mu 1959 pa chimbale chake cha Drums of Passion. Santana adaiveka gitala ndi limba, naifikitsa kutali kumene mwini wake sakadafika yekha. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Komabe mutu wometedwawo udali wa Olatunji.

Dzina la Olatunji likudziwika lero chifukwa nyimbo yake idajambulidwa ndipo dzina lake lidalembedwa. Apa mpamene pagona nkhani kwa anthu a kuchigwa cha Dedza. Ku Mua, kumene Azibambo Oyera adakhazikitsa mishoni mu 1902, Bambo Claude Boucher adayambitsa Kungoni Centre mu 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare mukusungidwa zigoba zambirimbiri za gule wamkulu. Bungwe la UNESCO lidalengeza mu 2005 kuti gule ameneyu ndi chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Chigoba chimasungika pa khoma, koma kaombedwe ka mbalule kamakhala m'zikhatho za munthu, ndipo munthuyo akatsikira kuli chete asanaphunzitse wina, luso limapita naye kumanda.

Mnyamata amene watsiriza sukulu ku Golomoti, ali ndi gitala m'manja ndi foni m'thumba, kawirikawiri amayesa kuti nzeru za nyimbo zili kutsidya kwa nyanja, pamene katswiri wa ng'oma ali pa khonde loyandikana nalo. Pali zambiri zimene angathe kujambula popanda kuswa mwambo wa kudambwe: chimtali, chisamba cha pabwalo, nyimbo za pamtondo ndi za asodzi. Chofunika ndi kupempha chilolezo kwa eni ake ndi kwa amfumu, kulemba dzina la woomba, mudzi wake ndi tsiku, kenaka kulembetsa nyimbo zake zatsopano ku bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza eni luso. Aphunzitsi nawonso angathe kuitana nkhalamba yodziwa ng'oma kuti idzaime kutsogolo kwa kalasi tsiku limodzi pa teremu.

Ng'oma ya Olatunji idayenda ndi dzina la mwini wake kuchokera ku Nigeria mpaka ku San Francisco. Ya ku Mtakataka ikudikira woilemba dzina.