Katundu wa mayi wopita kukachira: mangani nthawi ikadalipo

Amayi anzanga, mwana saodira akafuna kubadwa. Amatha kuyamba ulendo wake pakati pa usiku mvula ikukhuthuka, kapena masana mayi ake ali m'munda wa tiyi dengu lili kumsana. Tsiku limene anamwino amalemba m'buku la kusikelo ndi longoyerekeza chabe. Ana ambiri amafika tsikulo lisanakwane kapena litapitirira. N'chifukwa chake ife azamba timati mimba ikangokwana miyezi 7, katundu wa kuchipatala ayambe kusonkhanitsidwa, ndipo pofika mwezi wa 8 akhale atamangidwa, ali pamalo amene aliyense wa m'nyumbamo akuwadziwa.

Ambiri a inu amene mukuwerenga nkhaniyi munaleka kubereka. Koma muli ndi ana aakazi, apongozi, adzukulu ndi anansi. Matenda akayamba, khomo loyamba kugogodedwa ndi lanu, ndipo amene amaperekeza mayiyo kuchipatala ndinu. Choncho nkhaniyi ndi yanu.

Kuchedwa ndiko kumapha

Kafukufuku wa boma wa 2000 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo m'Malawi muno, amayi 1,120 ankamwalira chifukwa cha uchembere. Pofika kafukufuku wa 2015 ndi 2016, chiwerengerocho chinatsika kufika pa 439, ndipo ana 91 pa 100 aliwonse ankabadwira kuchipatala. Tayenda ndithu, koma sitinafike.

Amayi ambiri amene timawataya amapita chifukwa cha kutaya magazi, kuthamanga kwa magazi, kuwola kwa m'mimba akachira, ndi mwana kukanika kutuluka. Zonsezi chipatala chimatha kuthana nazo mayi akafika msanga. Vuto ndi kuchedwa: kuchedwa kunyamuka pakhomo, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira thandizo. Kuchedwa kwachitatuku ndi udindo wa ife achipatala. Koma kuwiri koyambako kumathera pakhomo panu. Ola limene banja limataya kufunafuna buku m'sutikesi, kubwereka beseni kwa anansi ndi kudzutsa mwini golosale kuti agulitse sopo, ndi ola lomwe mayiyo akanakhala ali m'manja mwa mzamba.

Buku liyambe kulowa

Chinthu choyamba ndi buku la kusikelo. Ophunzira anga pa koleji ya anamwino ndi azamba ya Mulanje Mission ndimawauza kuti bukuli ndi pakamwa pa mayi pamene ululu wamutseka pakamwa. M'menemo mzamba amawerenga miyezi ya mimba, kuchuluka kwa magazi m'thupi, mmene magazi akhala akuthamangira, zotsatira za kuyezetsa HIV ndi chindoko, katemera wa kafumbata, ndiponso ngati mayiyo anachitidwapo opaleshoni. Popanda bukuli timayamba kufunsa zonse kuchokera pachiyambi, nthawi ikupita. Likulungeni m'pepala la pulasitiki, poti mvula ya kuno ku Mulanje mukuidziwa.

Pamodzi ndi bukulo ikani chiphaso cha unzika, chifukwa chimafunika polembetsa mwana m'kaundula wa boma. Mayi amene amamwa ma ARV, kapena mankhwala a kuthamanga kwa magazi, shuga kapena khunyu, atenge botolo lake. Asadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Kwa mayi amene ali ndi HIV, kumwa mankhwala mosadukiza ndi kumene kumateteza mwana pobadwa ndi poyamwa.

Zitenje 6, ndipo zakale zili bwino

Zipatala zambiri zimapempha zitenje zosachepera 6, ndipo ena amaganiza kuti anamwino amangofuna kuvutitsa anthu. Chitenje chilichonse chili ndi ntchito yake. Choyamba timayala pabedi lochirira. Chachiwiri timapukutira mwana akangobadwa, ndipo chimanyowa nthawi yomweyo. Chachitatu, chouma, timafunditsa mwanayo ali pachifuwa cha mayi ake. Chachinayi amavala mayi akadzisamalira. Ziwiri zotsalazo ndi zosinthira pamene zina zili pachingwe.

Apa mvetsetsani bwino, chifukwa pamasokoneza mabanja ambiri. Palibe lamulo loti zitenjezo zikhale zatsopano. Chitenje chongochokera kumsika chimakhala cholimba, sichimwa madzi, ndipo chimakanda khungu la khanda. Chakale chimene chachapidwa kambirimbiri n'chofewa ndipo chimaumitsa mwana bwino. Chofunika ndi ukhondo: chichapidwe ndi sopo, chiyanikidwe padzuwa mpaka kuuma gwa, chisitidwe ngati simbi ilipo, kenaka chipindidwe ndi kusungidwa posafika fumbi ndi mphemvu. Ngati mwagula chatsopano, nachonso chichapeni kaye.

Onjezerani kachipewa ka mwana, masokosi, matewera ndi kabulangete. Khanda limachokera m'malo ofunda, limatuluka lili lonyowa, ndipo limazizidwa msanga, makamaka kumutu. Mwana wobadwa mu June kapena July, chiperoni chitaphimba phiri, angathe kudwala chifukwa cha kuzizira kokha. N'chifukwa chakenso sitimusambitsa mpaka patapita maola 24. Mwana akabadwa masiku asanakwane, kapena wolemera mochepera makilogalamu 2.5, timamuika pachifuwa cha mayi khungu kukhudzana ndi khungu, n'kumumanga ndi chitenje. Njira imeneyi, yotchedwa kangaroo, inayambira kuchipatala chachikulu cha Zomba mu 1999 m'dziko muno, ndipo yapulumutsa ana ambiri. Zipangizo zake ndi zomwezi: chitenje, chipewa ndi masokosi.

Beseni, pepala, lezala ndi ulusi

Beseni ndi losambiramo mayi ndi kuchapiramo nsalu, komanso ndi limene mumalongedzamo katundu yense. Pepala lalikulu la pulasitiki, lija lakuda, limayalidwa pansi pa chitenje kuti magazi asalowe m'matiresi amene agonepo mayi wina mawa.

Zipatala zina zimapemphanso lezala latsopano ndi ulusi womangira mchombo. Lezalalo lisatsegulidwe m'pepala mwake, ndipo lisakhale loti bambo ametapo ndevu ngakhale kamodzi, chifukwa chodulira chakuda chimalowetsa kafumbata mumchombo. Kukhala ndi lezala m'beseni si chilolezo chochirira pakhomo. Ngati mwatsoka mwana wabadwira panjira, mupukuteni, muikeni pachifuwa cha mayi, afunditseni onse awiri, ndipo pitirizani ulendo. Musathamangire kudula mchombo, ndiponso musaukoke pofuna kutulutsa nsengwa. Zimenezo akachite azamba.

Mayi akachira amataya magazi kwa masiku angapo, choncho pakhale mapadi akuluakulu kapena nsalu zoyera zong'ambidwa bwino, ndi mapanti atatu kapena anayi. Mayi akanyowetsa padi yonse pasanathe ola, wodwazika aitane namwino nthawi yomweyo, ndipo asataye padiyo namwino asanaione. Musaiwalenso sopo wosambira ndi wochapira, kapu, mbale, supuni, tochi, ndi foni yotchaja.

Wodwazika ndi za kukhitchini

Sankhani wodwazika mmodzi mwezi usanakwane: mayi wamphamvu, womva malangizo, wotha kuthamanga kukaitana namwino usiku. Agogo okalamba ali ndi nzeru, koma kugona pakhonde la chipatala ndi kutunga madzi kumafuna wa miyendo yolimba. Wodwazikayo atenge ufa, nyemba kapena usipa, mchere, shuga wa phala, mpoto ndi nkhuni. Mayi amene wachira bwinobwino amakhala m'chipatala maola osachepera 24, ndipo wa opaleshoni masiku atatu kapena kuposerapo. Palibe amene amadziwiratu kuti akhala m'gulu liti, choncho tengani chakudya cha masiku angapo. Neti ya udzudzu nayonso ipite, ndipo pakhomo pakhale munthu wosamala ana otsala.

Zimene sizilowa m'beseni: ndalama ndi mayendedwe

Apa ndi pamene abambo ayenera kuonekera. Ndalama ya ulendo iyambe kusungidwa mimba ikangodziwika, pang'onopang'ono, kubanki mkhonde kapena pafoni, ndipo isakhudzidwe ngakhale feteleza atafika. Kambiranani ndi anyamata a kabaza awiri, osati mmodzi, ndipo manambala awo alembedwe pachikuto cha buku. Ganiziraninso wachibale wathanzi amene angapereke magazi atafunika.

Chipatala cha Mulanje Mission ndi cha mpingo wa CCAP, sinodi ya Blantyre, ndipo chili m'bungwe la CHAM pamodzi ndi zipatala za Chikatolika monga Holy Family ku Phalombe. Zipatala zambiri za CHAM zili ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera a m'dera lozungulira azithandizidwa osalipira. Funsani kusikelo ngati mudzi wanu uli m'mgwirizanowo, kuti mantha a ndalama asakusungeni pakhomo. Kuchipatala cha boma cha Mulanje thandizo ndi laulere.

Kumbukiraninso mitsinje yathu. Ruo, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila imadzaza m'maola ochepa mvula ikagwa kuphiri. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anadula misewu ndi milatho, midzi ina n'kukhala yosafikika kwa masiku. Mayi wokhala kutali kapena kutsidya la mtsinje, amene mwezi wake ukugwera nthawi ya dzinja, akadikirire kuchipatala mwezi wa 9 ukangoyamba. Chimodzimodzinso wa mimba yoyamba, mtsikana wosakwana zaka 18, amene anachitidwapo opaleshoni, wa mapasa, amene mwana wagona mopingasa, amene wabereka kasanu kapena kuposerapo, ndi amene anauzidwa kuti magazi ndi ochepa kapena akuthamanga.

Ndipo pali zizindikiro zoti munthu asadikire n'komwe kuti kuche: kutaya magazi, nsupa kusweka, mutu kupweteka kwambiri ndi kuona zidima, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kapena mwana kusiya kugunda m'mimba. Zikatere nyamulani beseni muzipita, kaya mimba ili ndi miyezi ingati.

Izi zitsale kunyumba

Pali katundu wina amene amabisidwa pansi pa zitenje: kabotolo ka mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda, amene ambiri amawatcha mwanamphepo. Amene amapereka mankhwalawa amachita mwachikondi, pofuna kuti mwana wawo asavutike nthawi yaitali. Koma mankhwalawa alibe muyeso. Amafinya chiberekero mwamphamvu njira isanatseguke, mwana amabanika, ndipo chiberekero chimatha kung'ambika. Zikafika pamenepo timathamangira kuopaleshoni, nthawi zambiri mwana atapita kale, ndipo mayi angathe kuchotsedwa chiberekero ali ndi zaka 20 zokha. Ngati mayi wamwa kale, uzani mzamba poyera pofika. Tikadziwa msanga timamuyang'anira mwapadera.

Zopaka pamchombo, monga phulusa, mwaye, mafuta kapena madzi a masamba, nazonso zitsale. Pamchombo pazipakidwa chokhacho chimene achipatala apereka. Botolo la mkaka ndi madzi a shuga sizifunika. Mwana ayamwe bere pasanathe ola chibadwire, ndipo mkaka woyamba wachikasu uja usafinyiridwe pansi, chifukwa ndi umene umamuteteza ku matenda.

Ntchito ya bungwe lathu la amayi

Tsopano tikambe zimene sizilembedwa m'mabuku a kusikelo. Alipo amayi amene amachirira pakhomo, osati chifukwa chosadziwa ubwino wa chipatala, koma chifukwa cha manyazi. Alibe zitenje 6, alibe beseni, ndipo akuopa kusekedwa ndi anzawo m'wodi kapena kukalipiridwa. Kawirikawiri amakhala mtsikana amene watenga mimba ali pasukulu, mayi amene mwamuna anamuthawa, kapena amene mwamuna anapita ku Joni n'kuleka kutumiza. Mayi wotere akachirira pakhomo, m'midzi ina amfumu amamulipitsanso chindapusa, umphawi n'kuwonjezeka.

Kwa mayi wotere mawu anga ndi awa: bwerani ndi zimene muli nazo. Ngakhale chitenje chikhale chimodzi, bwerani. Kusowa kwa beseni sikunaphepo munthu, koma kutaya magazi pakhomo kumapha m'maola awiri okha.

Kwa inu amayi a m'bungwe, mutu umodzi susenza denga. Aliyense wa inu ali ndi chitenje m'sutikesi chimene sanachivale chaka chonse. Amayi 12 atapereka chimodzichimodzi, ndiye kuti amayi awiri oyembekezera athandizika. Amene amadziwa kuluka aluke tizipewa ndi masokosi. Kathumba ka bungwe kagule mabeseni awiri, sopo ndi mapepala a pulasitiki, zisungidwe kwa mayi mmodzi wodalirika pamphakati uliwonse. Beseni likabwerako litsukidwe bwino, lidikire wina. Popereka, perekani mwakachetechete, osalengeza pamsonkhano, ndiponso osayamba mwafunsa kuti mimbayo mwini wake ndani. Milandu ikambidwa mwana atabadwa, mayi ali moyo.

Pamsonkhano wanu ukubwerawu, werengani amayi oyembekezera a m'mphakati mwanu, opemphera nanu ndi osapemphera nanu omwe. Gawanani maina, awiriawiri mukawachezere. Mukakhala pamphasa, funsani mwaulemu kuti mwezi wawo ndi uti, akachirira kuti, awaperekeza ndani, ndipo ayenda pa chiyani. Kenaka pemphani kuti akuonetseni katunduyo, mumasule pamodzi, muwerenge zitenje, muone ngati buku lilimo. Chimene chikusowa muchilembe, ndipo sabata yotsatira mubwere nacho.