Nyerere Zikalowa M'nyumba, Musathamangire Moto



Mvula ikayamba, madzi amalowa m'mauna a nyerere ndipo zimasamukira pouma, makamaka pomwe pali chakudya. Timazipeza mu shuga, m'mphika wa ndiwo zotsala, ngakhale pansi pa mkeka wa mumzikiti. Ambiri timangoyatsa udzu n'kuzitentha. Msilamu saloledwa kutero.

Mu Bukhari ndi Muslim muli hadith ya mneneri wina yemwe adalumidwa ndi nyerere, n'kulamula kuti mudzi wonse wa nyererezo utenthedwe. Allah adamudzudzula chifukwa chowononga gulu la zolengedwa zomwe zimamulemekeza, pomwe idaluma ndi imodzi yokha. Abu Dawud adalembanso, kuchokera kwa Ibn Abbas (RA), kuti Mtumiki (SAW) adaletsa kupha nyerere ndi njuchi. Ophunzira anga akudziwanso kuti sura 27 ya Qur'an, An-Naml, idatenga dzina la kachirombo komweka, komwe Mneneri Sulaiman (AS) adamva mawu ake. Maulama amalola kupha zomwe zikuvulaza anthu ngati njira zina zalephereka, koma osati ndi moto. Ndipo lawi pafupi ndi denga laudzu lingathe kumaliza nyumba yonse.

Tsono tichite bwanji? Nyerere imodzi ikapeza chakudya, imabwerera kuuna ikusiya fungo pansi, ndipo zinzake zimalondola fungolo. N'chifukwa chake zimayenda pamzere. Mukangozisesa, fungo limatsala, ndipo posakhalitsa mzere wabwereranso. Choyenera ndi kufufuta njirayo. Finyirani mandimu awiri m'kapu ya madzi, kapena sakanizani viniga ndi madzi muyezo wofanana, n'kupukuta kuyambira pachakudya mpaka polowera. Madzi a sopo amathandizanso. Bwerezani masiku angapo, kamodzi sikokwanira.

Mukatero, matani mng'alu womwe zikulowera ndi dothi kapena simenti. Pakhomo ndi m'mbali mwa khoma thirani mzere wa phulusa lozizira komanso louma. Likanyowa latha ntchito, thiraninso lina.

Koma zonsezi n'zachabe ngati shuga akukhala m'pepala lotsekula. Muikeni m'botolo lachitsekero. Mbale zitsukidwe usiku womwewo, zisagone. Miyendo ya tebulo la chakudya muiike m'zitini zamadzi, koma madziwo muzisintha pakapita masiku awiri kapena atatu, kuopa kuti pothawa nyerere mungawete udzudzu wa malungo.

Linthumbu ndi nkhani ina. Limabwera usiku, limaluma kwambiri ndipo limatha anapiye m'khola. Likalowa, yambani mwatulutsa ana ndi okalamba, kenaka nkhuku. Tchingani ndi phulusa kuzungulira pogona ndi pakhola, koma onetsetsani kuti mulibe makala amoto. Linthumbu limakhala lili paulendo wosaka, silimanga m'nyumba, ndipo likamadutsa limadya mphemvu ndi tizirombo tina. Nthawi zambiri pofika m'mawa limakhala litapita.

Kwa akomiti ya mzikiti, pempho langa ndi lakuti tikadya futari pamodzi, njere za tende ndi zinyenyeswazi za mandasi zizitoledwa tisanaime pa Isha, ndipo mikeka izikutumulidwa panja tsiku lililonse. Anyamata a Fomu 3 ndi 4 angathe kugawana masiku a ntchitoyi.